Tasibihi ya Mwamadi

Pa boma la Mchinji panalibe munthu wodziwa kuwerenga nkhope ngati Mwamadi. Ukakhala naye pa poka, kuchipinda chakuseri kwa tiyirumu ya Timoteyo, ankangokuponyera diso kamodzi n'kudziwa ngati makhadi ako ndi enieni kapena ukungoopseza anzako ndi zinyalala. Wina akagwira kingi amameza malovu, wina amakanda khutu, wina amayamba kufunsa za mvula m'mwezi wa Ogasiti. Zonsezo Mwamadi ankasunga. Nkhope yakeyo ndiye usavutike nayo, inali ngati khoma lozira kumene. Masewerawa adawaphunzira kwa mmwenye amene ankamugulitsira m'sitolo, ndipo amwenye atauzidwa kuti asamukire m'mizinda ikuluikulu, bwanayo adamusiyira zinthu ziwiri: kasitolo ka pakona ya msika, ndi matenda a njuga.

Koma katswiri naye ali ndi tsiku lake. M'nyengo ya fodya kudabwera mkulu wina wa ku Lilongwe, wa nkhope yonenepa yosaonetsa kanthu, ndipo Mwamadi adamuwerenga molakwa motsatizana. Za m'thumba zitatha adaika pa tebulo makina osokera a mkazi wake. M'mawa mwake kudabwera anthu kudzawanyamula. Zubeda, mkazi wakeyo, sadalire ndipo sadatukwane. Adaimirira n'kumayang'ana timaenje tinayi timene miyendo ya makinawo idasiya pansi, kenaka adamanga zovala zake m'chitenje, ulendo wa kwa atsibweni ake, a Che Saidu, kufupi ndi mzikiti.

A Che Saidu ndiwo anali nkhoswe ya Zubeda, ndipo mawu awo anali amodzi: mwana wa mlongo wawo sabwerera kwa munthu wotchova njuga. Mwamadi adatuma mkulu wake Dauda kukapepesa, Dauda adabwerako chimanjamanja. Adamutumanso, ulendo uno sadapatsidwe ndi mpando womwe. Apa ndinene mosabisa, Mwamadi ankamukonda Zubeda. Anthu a njuga timawayesa opanda mtima, koma uyu adaonda mpaka adachita kuboola lamba bowo lina. Tsiku lina adadutsa chapatali ndi nyumba ya a Che Saidu n'kumuona Zubeda pakhonde akusoka diresi ndi singano ya pamanja, mayi amene kale ankamaliza madiresi a gulu lonse la ovina pa sabata imodzi. Adabwerera kusitolo osadya tsiku lonse. Vuto lake linali loti pofuna njira yobwezera mkazi, mutu wake unkangodziwa msewu umodzi womwewo umene udamuthawitsa. Ankati akangopeza makina ena, atsopano, n'kukawatula pakhonde paja, nkhani yatha.

Ndiye kudatulukira Jonasi. Kwawo kunali kwa Zulu konkuno, koma adakulira ku Lusaka, ndipo masiku amenewo ankayendetsa lole yonyamula feteleza kupita ku Zambia. Akamabwera kuno ankayamba wameta tsitsi ku Chipata n'kuvula buluku lake lotambalala m'munsi, poopa kuti pachipata cha m'malire angamumete ndi lumo la boma. Ankati kale adagwirapo ntchito yogawa makhadi mu kasino, nyumba ya njuga ya hotela ina yaikulu ku Lusaka. Chifukwa chimene adachokera kumeneko chinkasintha malinga ndi tsiku limene wamufunsa. Adamuona Mwamadi akusewera kwa Timoteyo, ndipo m'mawa mwake adalowa m'sitolo ngati wogula ndudu, n'kudikira kuti anthu atuluke.

"Ba Mwamadi, imwe muzivuta chabe na tumakalaliki twa pano," adatero m'chinyanja chake cha ku Lusaka. "Mutu wanu uyu ni wa ku kasino. Kuja ndalama zigona pa tebulo monga tomato pa maliketi."

Masewera amene ankanenawo ndi bulakijaki. Kumeneko sulimbana ndi anzako, umalimbana ndi nyumba. Wogawa amakupatsa makhadi, iwe n'kumayesa kuyandikira twente-wanu osapitirira, ndipo iye naye amadzigawira motsata lamulo limene sangalisinthe ngakhale atafuna. Mwamadi adafunsa kuti nanga munthu amayang'ana nkhope ya ndani. Jonasi adaseka n'kunena kuti kulibe nkhope, kuli bokosi basi. Makhadi amatuluka m'bokosimo limodzilimodzi, ndipo amene atuluka sabwereramo mpaka bokosilo litatsala pang'ono kutha. Tsono munthu wochenjera amasunga nambala imodzi m'mutu. Likatuluka khadi laling'ono, kuyambira thuu mpaka sikisi, amawonjezera imodzi. Likatuluka lalikulu, teni kapena la chithunzi kapena eyisi, amachotsa imodzi. Enawo amangowasiya. Nambala ikakwera ndiye kuti m'bokosi mwatsala akuluakulu, amene amapweteka nyumba, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yobetcha kwambiri.

Si kuba ayi, Jonasi adatero, ndi kukumbukira chabe. Koma eni nyumba saona choncho. Pamakhala amuna ovala masuti amene sasewera, ntchito yawo n'kuyang'ana milomo ndi manja a anthu. Akakuona ukuwerenga amakugwira paphewa mwaulemu n'kupita nawe kuchipinda chakuseri. Zimenezo Mwamadi sadaziope kwambiri. Chimene chidamuumitsa pakamwa n'chakuti iye analibe pasipoti. Jonasi ankati amudutsitsa ngati wothandizira pa lole. Koma Mmalawi wogwidwa ku Lusaka wopanda mapepala ankabwezedwa m'manja mwa apolisi akuno, ndipo funso loyamba silinkakhala la njuga. Linkakhala loti ku Lusaka, kumene kudathawira anthu osagwirizana ndi boma, umakaonana ndi ndani. Ena amene adafunsidwapo funso limenelo, mabanja awo anali adakali kuwadikira.

Mwamadi sadavomere ndipo sadakane. Adangoti aone kaye ngati mutu wake ungathe.

Mutu sudathe. Anthu akachepa m'sitolo iye ankatsegula makhadi pansi pa kauntala, limodzilimodzi, koma akafika pakati wina n'kulowa kudzafunsa mtengo wa palafini, nambala ija inkauluka. Munthu wotha kukumbukira mmene kalaliki wina adaphethirira chaka chatha ankalephera kusunga folo. Tsiku lina, mosaganizira n'komwe, chala chake chachikulu chidapeza njira. Ali mwana ku madarasa adamuphunzitsa kuwerenga tasibihi, mawu otamanda Mulungu aja amene Asilamu amabwereza akatha kuswali. Wopanda mikanda amawerengera pa mfundo za zala, chala chachikulu n'kumayenda mfundo ndi mfundo kuchokera ku kachala kakang'ono. Padapita zaka zambiri asakuchita zimenezo, koma dzanja siliiwala. Adasankha mfundo ya pakati pa chala chapakati kukhala poyambira. Khadi laling'ono, chala chipite kutsogolo. Lalikulu, chibwerere. Nambala idaleka kuthawa.

Jonasi atadutsanso adamuyesa, akuponya makhadi mofulumira ngati mmene amagawira ku Lusaka, kwinaku akumufunsa dala za mitengo ya shuga. Mwamadi sadaphonye. Jonasi adakondwa, koma adaloza dzanja lija n'kupukusa mutu.

"Ici cala cizakugwilitsani, mudala. Baja ba masuti baona na nyelele pa kapeti."

Adamulangiza kuti achepetse kayendedwe kake, aziyesera pakati pa anthu mpaka pasapezeke wofunsa. Adamuletsanso kupita kwa Timoteyo, ati poka imasokoneza mutu, ndipo kalikonse kamene kalowa m'thumba kasungidwe ka ulendo. Ulendowo adaupangana kuti udzakhale womaliza wa lole, feteleza akamatha.

Kuyambira pamenepo Mwamadi sadafunenso makhadi enieni. Ankawatsegula m'mutu, akuyenda, akuyeza mchere, akusesa pakhomo, milomo ikugwedera pang'ono, chala chikuyenda. Ndipo zoonadi palibe amene adafunsa. Amayi obwera kudzagula machesi ankaima pakhomo mwakachetechete mpaka iye atadzutsa mutu. Tsiku lina anyamata a chipani, aja ankatseketsa masitolo kukakhala msonkhano, amene sankadziwa n'kugogoda komwe, adafika pasitolopo, adamuyang'ana, mmodzi n'kunong'oneza anzake kuti abwerenso mkuluyo akamaliza. Mwamadi adaganiza kuti chala chake chaleka kuoneka. Chinkaoneka bwinobwino, kungoti pa Mchinji Msilamu akamayendetsa chala pa mfundo aliyense amadziwa chimene akuchita.

Ku mzikiti adayamba kupitako pothawa phokoso. Kusitolo wailesi ya woyandikana naye sinkapuma, kunyumba kunali zii, bata lopweteka mtima. Mu mzikiti munali mozizira, ndipo munthu ankatha kukhala pakona mmene angafunire popanda womufunsa sopo. Swala ikatha anthu ankachita tasibihi yawo n'kumatuluka, iye n'kutsala, bokosi lathunthu likukhuthuka m'mutu mwake. Nthawi zina ankatuluka pambuyo pa shehe. Sindikunena kuti ankachita dala kuti anamize anthu. Sadaganize n'komwe za anthu, ndipo ine ndimaona kuti kumeneko ndiye kunali kuipa kwake.

A Che Saidu maso awo anali atayamba kuchita ng'ala, koma munthu wotsalira pakona ankamuona, ndi dzanja lake lomwe. Sadafulumire. Ankati madzi saiwala khwawa. Adatuma munthu kukafufuza kwa Timoteyo, ndipo Timoteyo adadandaula kuti a ku mzikiti amulanda kasitomala wake wabwino, chiyambire chisanu sadapondeko. Lachisanu lina, swala ya Ijuma itatha, anthu akuvala nsapato panja, mkuluyo adagwira Mwamadi pamkono pamaso pa onse. Adati iwo akalamba akungomva kuti Mulungu amabweza munthu, koma tsopano aona ndi maso awo ofookawa. Adati achinyamata atengerepo chitsanzo. Kenaka adatsitsa mawu n'kumuuza kuti Dauda akonzeke, Lachiwiri masana abwera naye Zubeda.

Apo m'pamene Mwamadi adazindikira chimene anthu akhala akuona. Akadatha kunena pomwepo, koma anthu anali akumugwira chanza, ena mwa iwo aja ankamulambalala kale, ndipo dzina la Zubeda linali likulirabe m'khutu. Adangoti zikomo.

Tsoka lake, Lachiwiri lomwelo ndilo linali tsiku la lole. Jonasi adatumiza uthenga kudzera mwa dalaivala mnzake kuti adzaima pamsika n'kuliza hutala. Akadzaliza kachitatu osamuona, adzapita, ndipo asadzamufunenso.

Mwamadi adaitembenuza nkhaniyi mbali zonse. Mkazi akubwera popanda makina, ndiye Lusaka ya chiyani? Koma kuphunzira konse kuja kungopita pachabe? Ndipo pansi pa mtima ankafuna kudziwa ngati angaligonjetse bokosi lija. Njuga ikamuluma munthu sikhala nkhani ya ndalama yokha. Dauda, amene ankamudziwa mng'ono wake kuyambira ali wamaliseche, adabwera Lolemba n'kumufunsa mwachindunji ngati zimene akunena anthuzi n'zoona. Mwamadi adamuyankha kuti afunse amene akunenawo. Dauda adati iye wayenda mokwanira pa nkhani imeneyi ndipo sadzayendanso, n'kutuluka. Pomaliza Mwamadi adaganiza zogwira zonse ziwiri: alandire mkazi, akulu akabalalika anene kuti akupita kukaoda katundu ku Chipata, abwera Lachisanu. Adalongedza jekete ndi tayi yobwereka m'kachikwama, poti ku kasino salowa munthu wopanda tayi, n'kukakankhira pansi pa bedi. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa, koma munthu wa njuga amakhulupirira kuti mvula imagwera ena.

Lachiwiri adayala mikeka pakhonde la nyumba, kuseri kwa sitolo. Dauda, ngakhale adanena zija, adabwera n'kukhala mbali ya Mwamadi. A Che Saidu adafika ndi ndodo yawo, Zubeda akubwera pambuyo atasenza mtolo wake. Naye anali ataonda. Adakhala pansi chapatali, mpango utaphimba mutu, ndipo sadamuyang'ane mwamuna wake kumaso ngakhale kamodzi. Mwamadi adafunafuna pa nkhopeyo poti agwire, osapeza. Maso a Zubeda anali pansi, chapamene iye adaika manja.

A Che Saidu adayamba kuyankhula, ndipo mkulu ameneyu akayamba sankadziwa njira yachidule. Adayambira pa tsiku la ukwati, adadutsa pa makina, adafika pa za Mulungu. Ali pakati, kumsika kudamveka lole ikuima, mabuleki akulira, kenaka hutala. Dauda adacheuka pang'ono n'kubwezanso mutu. Mwamadi nkhope sidasinthe. Koma mantha amafuna potulukira, ndipo m'mutu mwake makhadi adayamba kutseguka okha monga ankachitira tsiku lililonse. Faifi, kwini, thuu, teni, teni. Chala chidayamba ulendo wake pamwamba pa bondo, mwini wake osadziwa.

Mkuluyo adachiona n'kumwetulira. Adauza Dauda kuti aone yekha, ngakhale pokamba mlandu mnyamatayu mtima wake uli kwa Mwini wake. Hutala idaliranso, motalikirapo. Kenaka, monga mwa mwambo, a Che Saidu adatembenukira kwa Zubeda n'kumufunsa ngati ali ndi mawu asanamusiye pakhomo pake.

Zubeda adakonza mpango pamutu pake.

"Atsibweni," adatero osadzutsa mutu, "tasibihi mudandiphunzitsa ndinu, ndili kamwana. Mudati chala chimachoka apa n'kumapita kutsogolo mpaka chikafike. Kodi pali tasibihi ina imene chala chimabwerera m'mbuyo?"

"Kubwerera bwanji, mwana wanga?"

"Chawochi chikumapita kawiri, n'kubwerera, n'kupitanso, n'kubwerera katatu. Ndakhala ndikuchiyang'ana chikhalireni pano."

A Che Saidu adasendera pafupi, adatenga dzanja la Mwamadi n'kuliyandikiza kumaso kwawo ngati kuti yankho lalembedwa pachikhatho. Mkuluyu anali ataika dzina lake pa munthu ameneyu pamaso pa mzikiti wonse.

"Mwamadi, mwanayu akuti chiyani?"

Mwamadi adachita chimene ankadziwa, adayang'ana nkhope. Ya Dauda inali ya munthu wofuna kukhala kwina. Ya a Che Saidu inali yosavuta kuposa zonse zimene adaziwerengapo. Mkuluyo sankafunsa kuti amve zoona, ankapempha kuti wina amupatse chifukwa chosachitira manyazi, ndipo munthu wotere ukabetcha molimba amataya makhadi yekha. Ya Zubeda sankaiona. M'manja mwa Mwamadi munalibe kanthu, koma pa tebulo panali chinthu chokhacho chimene ankachifuna pa moyo wake. Adatsitsa mawu, adayankhula pang'onopang'ono.

"Mayiwa aona zoona, bambo. Chimabwerera. Ine ndine munthu wochimwa, mtima wanga sukhazikika. Ndikatchula dzina la Mulungu maganizo ali kwina, limenelo ndimaona kuti silinafike. Ndiye ndimabweza chala, n'kulitchulanso mpaka litatuluka ndi mtima wonse. N'chifukwa chake ndimachedwa kutuluka mu mzikiti."

Ndamvapo anthu akunama pa boma pano, amalonda, a misonkhano, ofunsira mbeta, koma bodza lokongola ngati limeneli sindidalimveponso, ndipo mpaka lero limandipsetsa mtima. A Che Saidu misozi idalengeza. Adagwira dzanja lija ndi manja awo onse awiri n'kunena kuti iwo achita kumera imvi akuswali koma nzeru imeneyi sadaiganizepo, kuyambira lero nawonso azichita chimodzimodzi. Adamudzudzula Zubeda mofatsa kuti mtima wokayika umagwetsa nyumba. Adamufunsanso ngati ali ndi mawu ena.

Apo Zubeda adadzutsa mutu n'kumuyang'ana mwamuna wake koyamba. Sikunali kuyang'ana kwa mkwiyo. Adamuyang'ana mmene mayi amayang'anira nsalu imene waipeza ndi chibowo atafika nayo kale kunyumba.

"Ndamva, atsibweni. Ndikhala."

Hutala idalira kachitatu akulu akutsanzikana. Mwamadi adaperekeza a Che Saidu mpaka pamsewu, ndipo ali pomwepo adaona lole ya Jonasi ikutuluka pamsika, ikukhotera njira ya kuchipata. Jonasi adatulutsa mutu pawindo n'kutambasula dzanja ngati wofunsa. Mwamadi adayang'ana kumbali. Adadabwa kuti sadamve chisoni. Adamva ngati watula thumba la chimanga limene adalisenza kuchokera ku Chiosya. Pobwerera adalowa m'sitolo, adatenga makhadi aja pansi pa kauntala n'kukawaponya m'chimbudzi. Ulendo uno zinali zenizeni, ndipo adafulumira kunyumba mtima uli myaa.

Adapeza Zubeda akusesa kuchipinda. Kachikwama kaja kanali pa bedi, kotsegula. Jekete anali ataipachika pa msomali, tayi ataipinda bwinobwino pamwamba pa pilo. Mwamadi adayamba kufotokoza za kukaoda katundu ku Chipata, koma adalekezera panjira, chifukwa palibe amene amavala tayi pokagula sopo. Zubeda adapitiriza kusesa, adatulutsa zinyalala, adakoleza moto.

Dzuwa litalowa kumzikiti kudamveka mawu oitanira ku swala. Mwamadi adasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi, adayala mswala, kamkeka kopempherera, pabalaza, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni ku madarasa adaswali akudziwa amene akuyankhula naye. Anali ndi zambiri zopepesa. Atamaliza adakhala pansi n'kuika chala pa mfundo yoyamba ya kachala kakang'ono. Subuhanallah. Subuhanallah. M'mutu munalibe khadi ndi limodzi lomwe. Chala chinkapita kutsogolo kokhakokha, ndipo m'maso mwake mudatentha.

Atamva mapazi adadzutsa mutu. Zubeda anali ataima pakhomo, nyali ili kumanja. Tsopano sankayang'ananso dzanja.

"Mawu munayankhulira atsibweni masana, ofatsa aja," adatero, "ndi omwe mudandiyankhulira ine tsiku la makina, pamene munkati mwangowabwereketsa. Anthu onse pa boma pano amati nkhope yanu siwerengeka. Ine sindivutika ndi nkhope, ndimamvera mawu."

"Zubeda, lole ija yapita. Makhadi ndataya. Izi mukuonazi..."

"Atsibweni akalamba, sindikawauza. Mwawapatsa pemphero latsopano, asiyeni afe nalo. Ine ndanena kuti ndikhala, ndikhaladi. Ndiziphika, ndizichapa, m'sitolo ndizikuthandizani. Chimodzi chokha ndikupempha. Mukafuna kupemphera muzitseka chitseko, ndisamaone."

Mwamadi adatsegula pakamwa kuti anene kuti pemphero ili lokha linali loona. Adamva mmene mawuwo ati atulukire, otsika, ofatsa, pang'onopang'ono, ndipo analibe liwu lina lowanenera. Zubeda adadikira pang'ono. Kenaka adaika nyali pansi kuti mwamuna wake asatsale mumdima, adatuluka, n'kukoka chitseko.